Tiyirumu ya aNangozo

Anselmo anali mnyamata wabwino pa zonse, koma pa nkhani ya m'mimba analibe manyazi. Loweruka masana anzake a pa koleji ya aphunzitsi akamatsikira ku tauni kukaonera mpira, iye ankatsika kukanunkhiza mapoto a eni ake. Nyemba za pa koleji zinali zitamufika pakhosi. Ankati anankafumbwe amayamba ndiwo kudya n'kukhuta, zotsala ndizo amapatsa ophunzira. Kwawo kunali ku Phalombe, mayi ake anamwalira iye ali ku sekondale, ndipo kuzizira kwa ku Dedza kunkangomuwonjezera njala.

Katauni ka kunsi kwa phiri anakamaliza khomo ndi khomo. Anadya kwa Mmwenye wa pafupi ndi positi, tsabola n'kumuliza ngati mwana. Anadya kanyenya wa mbuzi kuseri kwa msika, m'mimba n'kumuvuta sabata yathunthu. Analowa mu lesitilanti ya pa siteji ya basi n'kupeza kuti nyama imakhala pa bolodi pokha, m'mbale mumabwera msuzi. Zonsezi ankadzamufotokozera Jesinta, chibwenzi chake, pansi pa mitengo ya paini kuseri kwa tchalitchi, ndipo Jesinta ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Tsiku lina nkhani yake inali ina.

"Jesi, malo aja ndawapeza," anatero Anselmo. "Ndakhala ndikukubisira, ndimafuna nditsimikize kaye. Kuseri kwa chigayo, kanjira kolowera ku bala kaja. Kanyumba ka zenera limodzi."

Jesinta anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Amayi a pamenepo amaphika nyemba za kalongonda. Kalongonda weniweni, kuno ku Dedza. Akuti anakhalako ku Thyolo, amuna awo akugwira ntchito m'minda ya tiyi. Tsiku loyamba nditangolawa ndinakumbuka mayi anga, misozi inalengeza. Panopa ine sindikhalanso pa benchi ya makasitomala ayi. Ndimalowa kukhitchini, timadyera mbale imodzi."

"Dzina lawo ndani?" anafunsa Jesinta, ngakhale yankho ankalidziwa.

"ANangozo. Loweruka tipita limodzi akakuone. Uvale mpango uja ndinakugulira. Ndikuululire, anasankha ndi iwo. Ndinangowauza kuti pali namwali wina wandidya mutu."

Jesinta anagwira mpango uli kumutu kwake. ANangozo anali mayi ake omubala.

* * *

Bodza lake linayamba laling'ono. Sabata yoyamba pa koleji, atsikana akudutsa pa chigayo, Bernadetta, mwana wa kalaliki wa pa boma, analoza kanjira kaja ndi milomo. "Azimayi a m'matiyirumu a ku bala awa," anatero, "masana amagulitsa tiyi, kukada amagulitsa zina." Onse anaseka. Jesinta nayenso anaseka. Atamufunsa za kwawo anati, "Mayi anga ali kumudzi ku Mphunzi, amalima kachewere."

Ku Mphunzi kunalidi kwawo. Koma mayi ake anachokako amuna awo atamwalira, n'kubwera kudzayatsa moto kuseri kwa chigayo kuti mwana wawo amalize sukulu. Diresi iliyonse imene Jesinta ankavala inachokera m'mapoto amenewo. Lamulungu Misa ikatha ankapita kukawaona, koma ankadzera khomo la kuseri, ndipo mayi ake ankaganiza kuti mwanayo akuopa masisitere a pa koleji. Anselmo atamufunsira, bodza lija linali litakula kale, ndipo Jesinta anamupatsa momwemo.

Loweruka lisanafike anayesa zonse. Anati mutu ukuwawa, Anselmo n'kubweretsa mapiritsi. Anati ali ndi zochapa zambiri, Anselmo n'kukhala pamwala kudikira. Anaganiza zothamangira kwa mayi ake kukawachenjeza, koma pakati pa sabata geti ya atsikana sinkatsegulidwa. Ndipo akanapita, akanati chiyani? Amayi, mawa mundikane?

* * *

Tiyirumu inali yodzaza. Amuna a ngolo ankamwa tiyi wa mkaka ndi zigumu, wailesi ikulira pa shelefu. Anselmo sanaime n'komwe. Anadutsa pakati pa mabenchi ngati kwawo, anakankha nsalu yotchinga khomo la kukhitchini, n'kuvundukula poto.

"Amayi, mchere mwathira lero? Kapena mukudikira ine?"

"Choka apa iwe, nkhuli yako idzakupha," anayankha aNangozo akuseka, atawerama pamoto. "Mlendo uja wabwera naye?"

"Uyu ali apayu. Amayi, uyu ndi Jesinta, wa ku Mphunzi."

ANangozo anaweramuka. Anaona mpango kaye, kenako nkhope ili pansi pa mpangowo. Chipande chinali m'manja, ndipo sichinagwe. Anangoima, kudikira kuti mwana wawo atsegule pakamwa.

Jesinta anagwada pakhomo, maso pansi. Mawu oti amayi anafika pakhosi n'kubwerera.

"Muli bwanji?" anatero.

"Tili bwino, kaya inu." Mawu a aNangozo anali osalala. "Ku Mphunzi, mwana wa yani?"

"Wa malemu a Dominiko."

"Ndidawamvapo. Adali munthu woongoka. Nanga mayi ako alipo?"

"Alipo."

"Ali kumudzi?"

Pamoto nkhuni inathetheka. Anselmo ankamwetulira, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wakumanitsa anthu awiri abwino.

"Eya," anatero Jesinta. "Ali kumudzi."

"Chabwino. Ukapita ukawalonjere."

ANangozo anatenga beseni ndi jagi ya madzi ofunda, anagwada, n'kumusambitsa m'manja mwana wawo monga amachitira ndi mlendo wochokera kutali. Jesinta anaona zipsera za moto pa zala zija ndipo anafuna nthaka itatseguka. Kenako mayi aja anapakula kalongonda ndi futali, anaika pa tebulo la kunja kwa khitchini, n'kubwerera kuseri kwa nsalu.

"Amayi, bwanji kodi?" anaitana Anselmo. "Bwerani tidye monga mwa masiku onse."

"Lero ayi. Idyani, abambo."

Anselmo anaseka. "Wamva, Jesi? Ndangobwera ndi mkazi, ndasanduka abambo."

Iye anaona ngati nthabwala. Jesinta ankadziwa kuti si nthabwala. Kwawo mkamwini sadya apongozi akumuona. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Polankhulana amayang'ana kumbali. Ngakhale ukwati usanachitike, mnyamata akangodziwika kuti akufuna mwana wa pakhomo, mwambo umayamba pomwepo. Ndiye apa panali mnyamata amene wakhala akuvundukula mapoto a apongozi ake, n'kumapisa dzanja m'mbale yawo.

Kalongonda uja Anselmo anamaliza mbale yake ndi ya Jesinta yomwe.

* * *

Masabata otsatira Anselmo anasiya nthabwala. Pansi pa paini paja ankangothyola timitengo n'kumataya.

"Ndawalakwira chiyani amayi aja?" anafunsa tsiku lina. "Ndikafika amalowa kukhitchini n'kutseka nsalu. Chakudya amangosiya pa tebulo. Dzana ndinakumana nawo pa mlatho akuchokera kotola nkhuni, ndinati ndiwalandire mtolo. Analowa m'munda wa chimanga, Jesi. Anandithawa ngati ndine wamisala."

"Mwina atopa," anatero Jesinta.

"Kutopa kumalowetsa munthu m'chimanga? Kapena sanakukonde iweyo? Unayankhula nawo mouma kwambiri tsiku lija."

"Ndinali ndi manyazi."

"Ukudziwa, chimwalirire mayi anga palibe amene anandiitanapo kuti mwana wanga. Iwo aja ndi oyamba. Nditadwala chimfine anandiphikira phala n'kundigwira pamphumi." Anathyola kamtengo kena. "Ndikaganiza kuti ndatayanso mayi wachiwiri, tulo sindilipeza."

Mpata unalipo pamenepo, waukulu ndithu. Jesinta anatsegula pakamwa. Koma anaona kuti akanena, Anselmo adziwa kuti mtsikana amene akufuna kumukwatira anagwada pamaso pa mayi ake n'kuwakana. Munthu amene amalirira mayi wakufa angamve bwanji za munthu wokana mayi wamoyo? Anatseka pakamwa, n'kumugwira dzanja. Chikumbumtima chinkamudya kuposa njala ya pa koleji.

* * *

Bernadetta anamupeza Jesinta pa mpopi akuchapa. Mtsikanayu anali atamufunapo Anselmo chaka choyamba. Ankamutumizira buledi wopaka jamu wochokera kwawo, Anselmo n'kumadya buledi, mwini wake osamuyang'ana. Zimenezo Bernadetta sanaziiwale.

"Dzulo ndinakadya mandasi kuseri kwa chigayo," anatero akuviika bulauzi m'ndowa. "Paja ndimanyoza, koma amayi aja amaphika, tisanamizane."

Jesinta anapitiriza kuchapa.

"Chimene chinandidabwitsa ndi mphumi yawo. Ndinati mphumi iyi ndimaiona kuti tsiku ndi tsiku? Ndiye ndinakumbuka Lamulungu lina, ndidakuona ukutuluka khomo la kuseri ndi kaphukusi m'khwapa." Anafinya bulauzi ija pang'onopang'ono. "Kodi masiku ano njira ya ku Mphunzi imadzera kuseri kwa chigayo?"

"Ukufuna chiyani, Bernadetta?"

"Ine? Palibe. Ine sindine wamiseche. Koma Anselmo amandimvetsa chisoni. Mnyamata wachilungamo ngati uja, kumangomuyendetsa ngati mbuzi ya pa chingwe."

"Zisiye, si zako."

"N'zoona, si zanga. Koma atandifunsa, ine kunama sinditha. Ena ndiye amatha."

Ananyamula ndowa yake n'kumapita akuimba nyimbo ya kwaya.

* * *

Lamulungu Misa itatha Jesinta anatsika yekha. Anafika pa khomo la kuseri monga mwa nthawi zonse, kenako anachita manyazi ndi khomolo. Anapeza mayi ake akutaya madzi akuda bii a kalongonda m'ngalande. Nyemba zimenezi zimafuna kuwiritsa tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi zimazunguza mutu. Ku Dedza kunalibe wina wozifuna koma Anselmo yekha.

"Mukumuphikirabe?" anafunsa Jesinta.

"Iye walakwa chiyani kuti agone ndi njala?"

Jesinta anagwada pa dothi lonyowa. "Amayi, ndakulakwirani."

ANangozo anathira madzi ena mumphika, anaubweza pamoto, anasonkhezera.

"Ine ndinkati umadzera kuseri chifukwa cha masisitere. Ndinkauza anzanga kuti mwana wanga ngwomvera malamulo." Anapukuta manja pa chitenje. "Sindikufunsa chifukwa chake udandikana. Fungo la utsi ndimalimva ndekha, ndi kanjira kano ndikudziwa zimene anthu amanena. Zimenezo zisiye, zidzapola."

"Amayi..."

"Ndati zisiye. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Wandidyetsa mbale imodzi ndi mkamwini. Ndamutukwanapo moseka, ndamugwira pamphumi. Masiku aja sitinkadziwa, Mulungu ndi mboni. Koma kuyambira tsiku la mpango lija ine ndikudziwa, ndipo akubwerabe, ndikumuphikirabe, ndikumunamiza ndi kukhala chete kwanga. Katundu ameneyo ndasenza ndine, mwini wake uli phee ku koleji."

Jesinta ankangolira.

"A malume ako a Bartholomew ukuwadziwa. Kale n'kale amanena kuti anyamata a kummwera alibe mwambo, ndipo ali naye kale wawo woti akukwatire, mwana wa katekisiti wa ku Linthipe uja. Akangomva ndi anthu kuti mnyamatayu amavundukula mapoto a apongozi ake, basi zathera pomwepo. Unkhoswe sangaimire, ndipo ine mlongo wawo sindingawatsutse."

"Ndiye nditani?"

"Umuuze. Akadziwa, adzatalikira yekha monga mwa mwambo, ine n'kupita kumudzi kukawanyengerera a malume ako nkhani isanawapeze. Ndikawauza kuti mwanayo sankadziwa. Koma iyambe kutuluka m'kamwa mwako."

"Muuzeni ndinu, amayi. Inu amakumverani."

ANangozo anamuyang'ana koyamba chifikire.

"Mpongozi akhale pansi ndi mkamwini kukamba za mwana wake? Ukufuna undivule kawiri?" Anatembenukira kumoto. "Mnyamata uja ngwabwino, Jesinta. Ndikadafunsidwa kuti ndisankhe, ndikadasankha yemweyo. Chondiwawa n'chakuti tsiku limene udzamuuze, ine ndidzataya mwana amene amandiseketsa. Koma umuuze."

Pochoka anamupatsa kaphukusi ka zigumu monga mwa masiku onse. Jesinta sanathe kudyako, anagawira anzake ku hositelo.

* * *

Sabata yonse anakonza mawu ake. Ankawanena chamumtima m'kalasi, pa mzere wa chakudya, ngakhale pa Kolona. Loweruka atangomaliza kudya anathamangira pansi pa paini paja, atatsimikiza kuti lero kaya zivute bwanji, anena.

Anapezapo Bernadetta, atakhala pa mwala umene Anselmo ankakonda kukhalapo.

"Wachedwa," anatero Bernadetta. "Watsika kale, atavala jekete ndi tayi. Wandituma ndikuuze kuti umupeze ku tiyirumu, akuti pali nkhani yaikulu."

"Wamuuza chiyani iwe?"

"Ine ndamuuza kuti tayi yamukhala. Tiye ndikuperekeze, ndili ndi ludzu la tiyi."

Jesinta anayenda mothamanga, akuganiza kuti mwina amupeza panjira. Koma pa geti ya msika panali anyamata a Yufi akuona makadi a chipani, mzere utafika mpaka pa sitolo ya nsalu, ndipo njira ya ku chigayo inkadzera pomwepo. Anaima pa mzere, khadi m'manja. Bernadetta kumbuyo kwake ankasenda nthochi.

* * *

Nthawi ya nkhomaliro inali itadutsa, mu tiyirumu munatsala mkulu mmodzi akuwodzera pa kona. Anselmo anakhala pa benchi pafupi ndi nsalu ya kukhitchini, mawondo pamodzi, phukusi lokulunga m'nyuzipepala lili pamiyendo. Kuseri kwa nsalu kunkaoneka mapazi a aNangozo okha. Bernadetta anakhala pafupi ndi khomo n'kuitanitsa tiyi, koma palibe anamuyankha.

"Anselmo, tiye panja kaye," anatero Jesinta. "Ndili ndi mawu."

"Dikira, Jesi, anga ayambe. Ndawasunga sabata yonse." Nkhope yake inali yowala ngati ya mwana wovala zatsopano. "Ndaganiza mpaka ndachipeza chimene ndinawalakwira amayi. Ndinabweretsa mtsikana pakhomo pawo chibweretsebweretse, ngati ndamutola panjira, kwanu osadziwa kanthu. Munthu wamkulu wa mwambo sangakondwe nazo. Ndiye lero ndabwera kudzakonza."

"Anselmo, ndikukupempha, panja."

Iye anamasula phukusi lija. Munali nsalu yatsopano, sopo wonunkhira ndi kolona ya mikanda yoyera.

"Chikole chako ichi. Sindikufuna kukupatsa pansi pa mtengo ngati wakuba. Ndikufuna chikaperekedwe kwanu, mayi ako ndi a malume ako akuona. Koma ine mayi ndilibe, azakhali anga ndi okalamba, sangakwere basi kuchokera ku Phalombe. Ndiye ndawapempha amayi awa kuti andiimire ngati kholo langa, apite ku Mphunzi akaonane ndi mayi ako."

Pa khomo Bernadetta anatsokomola.

"Ndipo usade nkhawa za a malume ako," anapitiriza Anselmo. "Dzina lawo unandiuza. M'mawa uno ndapeza dalaivala wa lole ya kachewere wopita ku Mphunzi, amawadziwa bwino. Ndamutuma akawauze kuti Loweruka likubwerali akonzeke, kukubwera mayi a mnyamata, aNangozo a pa tiyirumu ya kuseri kwa chigayo. Pano uthenga wafika kale."

Jesinta anagwira tebulo. A malume ake anali atamva tsopano kuti mlongo wawo weniweni akubwera kudzafunsira mwana wake yemwe, m'malo mwa mnyamata amene amamuitana kuti amayi.

"Avomera?" Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

"Akuti sangayankhe mwini wake asanafike. Ndiye wafika. Amayi, uyu wabwera."

Nsalu inagwedezeka. ANangozo anatuluka, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Sanamuyang'ane Anselmo. Anadutsa chammbali, nkhope atalozetsa kukhoma, n'kukhala pansi pafupi ndi Jesinta. Maso awo anali ofiira, koma mawu sanagwedezeke.

"Abambo awa andipempha chinthu chachikulu," anatero. "Sindinakane, chifukwa mwana wamasiye sabwezedwa pakhomo. Koma ine ku Mphunzi ndidachokako kale, nyumba zina zidagwa, zina adamanga zatsopano. Iwe ndiye ukudziwa kumene mayi ako ali. Nena pano, abambo awa akumva. Loweruka ndikaodire pakhomo pa yani?"

Anselmo anatembenukira kwa Jesinta, akumwetulirabe, kudikira yankho.